Phunziro la Mwezi Uno: Kasamalidwe ka Tinyumba Togonamo Alendo Kumudzi

M'midzi ya m'mphepete mwa Nyanja ya Malawi, monga kwa Chembe ku Cape Maclear, ku Senga Bay ndi ku Nkhata Bay, ndiponso m'munsi mwa mapiri a Mulanje ndi Zomba, muli anthu amene amanga tinyumba tiwiri kapena tinayi pafupi ndi makomo awo kuti alendo odzaona malo azigonamo molipira. Mudzi wa Chembe unadziwika kutali Boma litakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Ntchito yosunga alendo ndi yabwino. Imapezetsa ndalama ya fizi ndi ya feteleza. Komabe mwini tinyumba adziwe kuti wasenza katundu wolemera, pakuti mlendo amamwa madzi amene sanatunge, amadya chakudya chimene sanaone pophika, ndi kugona pa bedi limene sadziwa kuti dzulo panagona yani. Akulu anati mlendo ndi mame. Sachedwa kuchoka, koma mbiri ya pamalopo amapita nayo, ndipo nthawi zina matenda amene anabwera nawo amawasiya pamudzi.

Munthu wanzeru amayamba wakumba chimbudzi asanaumbe njerwa za chipinda chogona. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, ndipo chitalikirane ndi chitsime, mjigo kapena madzi a nyanja ndi mamita osachepera 30. Pansi pa dzenje pasafike pa madzi a m'nthaka. Pakhale mpata wa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ku nyanja lamuloli ndi lovuta kulisunga chifukwa mchenga umagumuka ndipo madzi ali pafupi. Kumeneko dzenje limangidwe ndi njerwa m'kati mwake, ndipo ngati madzi atulukira msanga pokumba, chimbudzi chikwezedwe pamwamba pa chiunda cha dothi lotsendera bwino. Dzenje losamangira limatitimira mvula ya Januwale ikalimbika, ndipo zonyansa zimayenderera kulowera kumene anthu amatunga madzi.

Chimbudzi choyenera malo a alendo ndi chija cha paipi, chimene akatswiri a ku Blair Research Laboratory ku Zimbabwe anachikonza m'zaka za m'ma 1970. Paipi imachokera m'dzenje ndi kupitirira denga, ndipo kukamwa kwake amatsekako ndi sefa ya waya. Mphepo ikamawomba pamwamba pa paipi imakoka fungo kulitulutsa kunja. Ntchentche za m'dzenje zimatsata kuwala, zimakwera m'paipimo, ndipo zikapeza waya zimafera momwemo. N'chifukwa chake m'kati mwa chimbudzi chotere muyenera kukhala kamdima, ndipo bowo lake silivindikiridwa kuti mpweya uziyenda. Chimbudzi wamba chopanda paipi ndicho chimafuna chivindikiro nthawi zonse. Panja pakhale mpondagiya wa madzi ndi sopo.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimaoneka kawirikawiri. Mwini malo amamangira alendo chimbudzi chokongola cha simenti, koma wophika, wochapa ndi mlonda alibe kolowera, kotero amapita kuthengo kapena ku nyanja. Manja omwewo ndiwo amadula tomato wa mlendo. Antchito akhale ndi chimbudzi chawo, chosamalika ngati cha alendo.

Madzi akumwa

Mliri wa kolera umene unayamba ku Machinga m'mwezi wa Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo pofika mu 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Maboma a ku nyanja monga Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay anavutika kwambiri. Madzi a nyanja, ngakhale aoneke oyera kotero kuti munthu n'kuona mbuna pansi, si akumwa asanatetezedwe. Awiritsidwe mpaka kubwadamuka kwa mphindi yathunthu, kapena athiridwe kolorini monga WaterGuard potsata muyeso wolembedwa pa botolo, ndi kudikira mphindi 30 asanamwedwe. Asungidwe m'ndowa yovindikira ya mpopi. Mtsuko wotungamo ndi kapu imene aliyense amaigwira umadetsa madzi amene anali abwino kale.

Likodzo

Apa ndi pamene eni malo ambiri amachita manyazi kunena zoona. Mlendo akafunsa ngati m'nyanja muli likodzo, ena amayankha kuti mulibe poopa kuti athawa. Bodza lotere ndi loipa, ndiponso limadzaululika mlendoyo akakayezetsa kwawo. Ku Cape Maclear ndi malo ena a kumwera kwa nyanja likodzo lilipo, ndipo madokotala a maiko akunja amadziwa zimenezi.

Matendawa amayenda motere. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa, ndipo tizilombo take timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. Patapita milungu ingapo timatuluka mu nkhonozo tochuluka, ndipo timaboola khungu la munthu wosamba, wochapa kapena wokoka khoka. Akatswiri anapezanso kuti kumene nsomba zodya nkhono zachepa chifukwa chopha nsomba mopitiriza, nkhono zimaswana kwambiri. Mwini malo awuze alendo poyera kuti apewe madzi osaya a bango ndi udzu pafupi ndi pamene anthu amachapa, ndi kuti akabwerera kwawo akaonane ndi dokotala. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma sapha bwino tinyongolotsi tikadali tating'ono, kotero kumwa tsiku lomwelo munthu wasamba sikuthandiza. Pafunika papite milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Madzi a ku bafa otungidwa ku nyanja akhale m'thanki masiku awiri asanagwiritsidwe ntchito, pakuti pofika nthawi imeneyo tizilombo timakhala titafa.

Amene amazunzika koposa ndi ana a pamudzi pomwepo, amene amasambira tsiku lililonse. Mwana wokodza magazi sanakule ayi, monga ena amanenera; akudwala, ndipo apite naye ku chipatala. Mwini tinyumba amene amalimbikitsa anansi ake kukumba zimbudzi ndi kulandira mankhwala a likodzo akamagawidwa ku sukulu, akuteteza gombe limene iye amadyerapo.

M'chipinda chogona

Bedi lililonse likhale ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, yopanda chibowo, yaitali mokwanira kupisira kunsi kwa matiresi. Neti ichapidwe mosapikicha kwambiri ndi kuyanikidwa pa mthunzi. Alendo ochokera ku maiko kumene kulibe malungo alibe mphamvu yolimbana nawo m'thupi, kotero kwa iwo malungo amakula msanga. Mazenera akhale ndi sefa ya waya, udzu wozungulira udulidwe, ndipo maenje otsala poumba njerwa akwiriridwe.

Nsikidzi ndizo zimagwetsa malonda msanga kuposa china chilichonse. Zimabwera m'zikwama za alendo, zimabisala m'misoko ya matiresi, m'ming'alu ya khoma ndi molumikizira matabwa a bedi, ndipo zimatha miyezi osayamwa magazi. Chipinda chotsekedwa dzinja lonse chingathe kukhala nazo ndithu. Mlendo aliyense akachoka, nsalu zofunda zichapidwe ndi madzi otentha ndi kusitidwa, matiresi atulutsidwe padzuwa ndi kuyang'anidwa m'misoko, bedi lithiridwe madzi owira molumikizira, ndipo ming'alu imatidwe. Kuchapa kotereku kumatetezanso ku mphere. Ena amapopera m'chipinda mankhwala a thonje kapena a mbewu za kudimba. Imeneyo ndi poizoni, ndipo sayenera kufika pamene munthu amaika mutu. Wovutika ndi nsikidzi afunse malangizo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake.

Kumalo ozizira monga Zomba, Mulanje ndi Dedza, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mlendo angapemphe mbaula ya makala m'chipinda. Akanizidwe mwaulemu ndi kupatsidwa bulangete lina. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Pa denga la udzu palinso ngozi ya moto, choncho ndowa ya mchenga ikhale pakhonde.

Khitchini ikhale ndi thandala loyanikapo mbale ndi dzenje la zinyalala chapatali. Nsomba ndi nyama ziphikidwe mpaka kupsa, ndipo chakudya chogona chitenthetsedwe kwambiri chisanaperekedwe. Wophika amene watsegula m'mimba apumule mpaka atachira, ndipo mwini malo asamudule malipiro, chifukwa wantchito woopa kudulidwa amabisa matenda.

Buku ndi ndalama

Asanayambe kulandira alendo, mwini malo aonane ndi nyakwawa za malowo, apite ku khonsolo ya boma lake kukafunsa za ziphaso, ndipo aitane woyendera zaumoyo kuti adzaone pamene pakumbidwe chimbudzi. Kufunsa dzenje lisanakumbidwe n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulamulidwa kuligwetsa. Pakhale buku lolembamo dzina la mlendo, kumene wachokera, tsiku lofika ndi lochoka. Matenda akabuka, bukuli limathandiza a chipatala kutsata kumene anayambira. Alendo amachuluka m'chilimwe ndipo amachepa m'dzinja, kotero gawo la ndalama za m'chilimwe lisungidwe padera logulira sopo, kolorini, maneti ndi udzu wofolera. Ndalama ya tinyumba ikasakanizidwa ndi ya ndiwo, denga limadontha popanda chokonzera.

Mlendo akadwala, mwini malo asamupatse mapiritsi a pa golosale ndi kuyembekeza kuti kuche. Wotentha thupi apite naye ku chipatala tsiku lomwelo kukayezetsa malungo. Wotsegula m'mimba madzi okhaokha ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa ku chipatala. Ngati palibe, m'lita imodzi ya madzi otetezedwa musungunulidwe masipuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Nsalu zimene wodwalayo waipitsa zinyikidwe m'madzi a kolorini, ndipo zisakachapidwe ku nyanja. Nambala ya foni ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya munthu wa galimoto kapena njinga yamoto wopezeka usiku zilembedwe pa tsamba loyamba la buku la alendo.