TIYENDE PA LIWIRO LA WOFOOKA

Mawu owerenga: Genesis 33:12-14; Masalimo 104:10-25

Magulu ambiri m'maparishi mwathu ayamba kusonkha ndalama kuti akaone malo okongola a dziko lathu. Ena amati uku n'kuwononga ndalama. Ife sititero. Mayi amene watha zaka zake pakati pa munda, chigayo ndi maliro ayenera tsiku lina kuima m'mbali mwa nyanja ndi kuona ndi maso ake zimene Salimo 104 likunena. Koma ulendo wa gulu uli ndi mayeso ake, ndipo ife tinatsala pang'ono kulephera mayesowo.

Phunziro la Yakobo

Atayanjana, Esau anafuna kuti iye ndi Yakobo ayendere limodzi. Esau anali ndi amuna 400 ozolowera kuyenda. Yakobo anali ndi ana aang'ono ndi ziweto zoyamwitsa, ndipo anadziwa kuti kuzithamangitsa tsiku limodzi lokha kukanazipha. Choncho anasankha kuyenda pang'onopang'ono, molingana ndi mphamvu za ana ndi ziwetozo. Liwiro la ulendo linachokera kwa ofooka, osati kwa amphamvu.

Tsiku loyamba

Tinanyamuka ku Lilongwe pa basi ya hayala, kutsikira ku Salima, kenako kulowera kumpoto pa msewu wa M5 umene umatsata nyanja. Ku Nkhotakota tinaima pansi pa mtengo umene Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'chaka cha 1863, masiku amene akapolo ankawolotsedwa nyanja pa zombo kuchokera pa dokoli. Tinapempheranso m'tchalitchi cha All Saints, mmene munaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja m'chaka cha 1895, patangopita miyezi yochepa atadzozedwa. Amayi ambiri anali atangomva dzina lake pa maulaliki. Tsiku limenelo anaona pamene anagona.

Zimene zinatichitikira

M'mawa mwake atsogolerife tinalakwitsa. Tinafuna kukafika ku Mzuzu kusanade, ndiye tinalamula kuti tinyamuke mbandakucha, tiyi tikamwera kutsogolo. Pakati pathu panali mayi wina wachikulire wodwala matenda a shuga. Anamwa mapiritsi ake monga mwa masiku onse, koma m'mimba mulibe kanthu.

Titadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, basi yonse inali pa nyimbo, koma iye anali chete. Mnzake wa pampando anayesa kuti wagona. Mwa chisomo cha Mulungu anamugwira dzanja, napeza kuti lazizira ndi thukuta ndipo likunjenjemera. Titamufunsa dzina la parishi yake anayankha zosamveka. Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinazindikira kuti shuga watsika kwambiri m'thupi. Popeza ankatha kumeza, tinasungunula masupuni aang'ono anayi a shuga m'madzi ndi kumumwetsa. Patapita mphindi 15 anayamba kulankhula bwino. Tinamupatsa buledi ndi nthochi, ndipo tinapita naye ku chipatala chapafupi kuti akamuyeze.

Titamufunsa chifukwa chimene sananenere, anati: "Amayi, ndimaopa kuchedwetsa gulu." Mawu amenewa anatilasa mtima. Pomwepo amayi ena awiri anaulula kuti sanamwe madzi chinyamukire, ndipo wina anali atasiya dala mankhwala ake a BP amene amakodzetsa, chifukwa ankachita manyazi kupempha dalaivala kuti aime. Tinali titayenda ngati Esau, tikunyamula anthu ofunika mayendedwe a Yakobo.

Zimene tinaona titadekha

Tinasintha dongosolo ndi kugona ku Nkhata Bay. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay mvula imagwa yambiri, ndipo nkhalango ya Mkuwazi imakhala yobiriwira chaka chonse. Tinatsika m'basi ndi kumva kuzizira kwa mthunzi wake ndi kulira kwa mbalame. Tinaonanso minda ya mitengo ya labala, mmene amacheka khungwa kuti utomoni woyera udonthere m'timakapu, ndi ana ogulitsa mipira ya labala m'mbali mwa msewu. Tikanapitiriza kuthamanga, zonsezi zikanangodutsa pa zenera.

Kuchokera ku Nkhata Bay kukafika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50, koma msewu umakwera kuchoka pa mamita osakwana 500 kufika pa mamita oposa 1,200. Makutu anatseka, ndipo amene anaseka anzawo onyamula majuzi anayamba kubwereka zitenje. Pobwerera tinadzera msewu wa M1 pa mapiri a Viphya. Ku Chikangawa, kumene kunadzalidwa mitengo ya paini pa mahekitala pafupifupi 53,000, tinaona malo ambiri a zitsa zokhazokha chifukwa cha moto ndi kudula kosabwezeretsa. Dziko nalonso likathamangitsidwa limakomoka.

Malangizo kwa atsogoleri a ulendo

1. Musananyamuke, mayi mmodzi wodalirika, makamaka wodziwa zachipatala, alankhule ndi aliyense payekha za matenda ake ndi mankhwala amene amamwa. Zimene wamva zikhale zachinsinsi.

2. Aliyense atenge buku lake la kuchipatala ndi mankhwala okwanira masiku onse, kuonjezerapo masiku awiri. Mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pamwamba pa basi.

3. Gulu lisanyamuke lisanadye. M'basi mukhale madzi akumwa, shuga, buledi ndi zipatso. Munthu akakomoka osatha kumeza, musamumwetse kanthu. Mugonekeni chammbali ndi kuthamangira naye kuchipatala.

4. Gwirizanani ndi dalaivala kuti basi iziima maola awiri aliwonse, popanda wina kupempha. Potero palibe wochita manyazi, ndipo miyendo ya achikulire siitupa kwambiri.

5. Amayi akhale awiriawiri, aliyense ndi womuyang'anira. Werenganani pokwera paliponse.

6. M'mbali mwa nyanja udzudzu ndi wambiri, choncho gonani m'masikito. Pewani kusamba m'madzi odikha a mabango ndi udzu, mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Wina akatentha thupi atabwerera kunyumba akayezetse malungo tsiku lomwelo.

7. Posonkha ndalama, ikani kagawo kothandizira amayi amasiye ndi ena osakwanitsa. Amene timamusiya kunyumba chifukwa cha umphawi nayenso ndi wofooka wa gulu lathu.

Mayi uja anamaliza nafe ulendo wonse, ndipo pa Misa ya Lamulungu lotsatira ndiye anaimirira kufotokozera mpingo za nkhalango ya Mkuwazi.

Mafunso okambirana

1. Ndani m'gulu lathu amene amakhala chete poopa kuvutitsa anzake? Tingamudziwe bwanji?

2. Kupatula pa ulendo, ndi pa ntchito ziti za gulu pamene timayendera liwiro la amphamvu okha?

3. Kodi pafupi ndi parishi yathu pali phiri, mtsinje kapena nkhalango imene amayi athu sanaionepo? Tingayambire pamenepo?

Pemphero

Mulungu Atate, Inu munalenga nyanja, mapiri ndi nkhalango. Tipatseni maso oona ntchito zanu, ndi maso oona mnzathu amene watopa pa mpando woyandikana nafe. Tiphunzitseni kudikirana pa njira, kuti tonse tikafike ndi kubwerera bwino. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.