Ulendo wa ku Johannesburg: Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Masiku

Ife amene timakonza maulendo a magulu opita kukaona mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu a nthawi ya Wenela ankautcha Joni, taona kuti mwa mafunso onse amene amatipeza, ochuluka amazungulira pa chidindo cha masiku chimene mlendo amalandira pachipata. Ndipo popeza safunsa anadya phula, tachiyesa chanzeru kuyankha poyera.

Kodi Mmalawi afunika viza?

Iyayi. Mwini pasipoti ya Malawi amene akupita kukacheza amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, malinga pasipotiyo ili ndi masamba osadindidwa, ndiponso idzakhala ikugwirabe ntchito kwa masiku ena 30 kuyambira tsiku lotulukamo. Chilolezochi n'chochezera, sichilola munthu kulembedwa ntchito.

Tidzera kuti, ndipo tiwononga zingati?

Mabasi ambiri amadzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. A pandege amatera pa OR Tambo, pomwe sitima ya Gautrain imanyamula anthu kupita ku Sandton. Ndalama ya kumeneko ndi randi. Mitengo imasinthasintha, ndipo kawirikawiri imakwera nyengo ya Khirisimasi.

Kodi masiku 30 amaperekedwa onse kwa aliyense?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Chiwerengerocho ndi malire chabe, pakuti mkulu woona za olowa ndi otuluka, atamva chimene mwadzera, kumene mukagone ndi tsiku limene mudzabwerere, angathe kukulemberani masiku ocheperapo monga kwamkomera, ndipo chimene walemba ndi dzanja lake ndicho lamulo lanu, ngakhale mnzanu wa basi yomweyo atapatsidwa mwezi wathunthu. Chifukwa chake musachoke pawindo musanawerenge tsikulo. Kukhala ndi tikiti yobwererera ndi adiresi ya kumene mukafikire kumathandiza, ngakhale sitingalonjeze kuti kudzakupatsani masiku onse.

Nanga ndikapyola masiku, chidzandichitikira n'chiyani?

Kale wopyola masiku ankalipitsidwa chindapusa, koma kuyambira 2014 lamulo linauma: munthu wotere, pofika pachipata kuti atuluke, amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo. Amene wapyola ndi masiku osapitirira 30 angaletsedwe kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo amene wapyola koposa pamenepo, kwa zaka 5. Wogwidwa ali m'kati mwa dziko angathe kusungidwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo boma la eni dziko limafuna mamewo akamuke pa tsiku lolembedwa.

Ena amati pasipoti ingatumizidwe kuchipata kuti ikadindidwe mwini wake ali m'tauni. N'zoona?

Alipo ndithu anthu amene amalonjeza zimenezi, nalandira ndalama za anzawo. Koma chidindo chopezeka mwa njira yotere, chingakhale chioneke chokongola chotani, sichigwirizana nthawi zonse ndi zimene zili m'kompyuta ya boma, ndipo tsiku limene chinyengocho chidzaululike, woimbidwa mlandu adzakhala mwini pasipoti, wotumidwa uja ali kwina akudya ndalama zake. Ife sitilandira m'gulu lathu munthu wochita zotere.

M'masiku ochepawo tikaone chiyani?

Mzindawu unabadwa ndi golide amene anapezeka mu 1886, ndipo mbiri yake yowawa yasungidwa ku Apartheid Museum. Ku Soweto, mumsewu wa Vilakazi, muli nyumba ya Nelson Mandela, nambala 8115, ndipo mumsewu womwewo munkakhalanso Bishopu Desmond Tutu. Chapafupi pali nyumba yokumbukira Hector Pieterson, mwana wasukulu amene anawomberedwa pa 16 June 1976. Koma ife timati amene ali ndi tsiku limodzi lokha apite ku Constitution Hill, kumene ndende yakale, imene inasungapo Gandhi ndi Mandela, yaima pamodzi ndi bwalo lalikulu loweruza za malamulo a dziko. Yendani masana, awiriawiri, foni ili m'thumba.

Tibwerere ku nkhani ya masiku: nanga ngati ndapyola ndi tsiku limodzi lokha, chifukwa cha matenda kapena kufa kwa basi?

Funso ili timalilandira kawirikawiri, ndipo yankho lake silisintha: tsiku limodzi ndi kupyola ndithu. Wolembedwa kuti ndi wosafunika ali ndi ufulu wolembera a unduna wa Home Affairs wa dzikolo kupempha kuti chiletsocho chichotsedwe, atapereka umboni monga kalata ya kuchipatala. Komabe yankho lingachedwe, ndipo palibe angatsimikize kuti lidzakhala lokomera wopemphayo. Tikupemphani, abale, kuti mugule tikiti yobwerera yokufikitsani pachipata patatsala masiku awiri kapena atatu.