Mafunso ndi Mayankho: Nambala Ikakana Kusintha Mtundu

Tiyambe ndi kalata ya mnyamata wa ku Mangochi yemwe akuphunzira za makompyuta pa Durban University of Technology. Akuti: "Aphunzitsi, pulogalamu yanga ya Java imawerenga manambala ochokera mu JSON. Ndikalemba Long m'mabulaketi kutsogolo kwa nambala, nthawi zina imayenda bwinobwino, nthawi zina imaima n'kulemba ClassCastException. Ndikulakwitsa pati?"

Zikomo achimwene. Mu Java nambala imapezeka pawiri. Pali yapayokha, monga int ndi long, ndipo pali yokutidwa, monga Integer ndi Long. Kuyambira mu 2004, pomwe Java 5 idatuluka, Java imakuta ndi kumasula yokha manambalawa, n'chifukwa chake ambiri amaiwala kuti n'zinthu zosiyana. Nambala ya int imalowa mu long popanda vuto. Koma Integer siingasanduke Long chifukwa choti mwalemba dzina m'mabulaketi. Zili ngati kulemba "mchere" pa paketi ya shuga: m'katimo mukhalabe shuga.

Nanga bwanji imayenda nthawi zina? Laibulale ngati Jackson, mukapanda kuiuza mtundu womwe mukufuna, imaika nambala yaing'ono mu Integer, koma yopitirira 2,147,483,647 imaiika mu Long. Ndiye pulogalamu yanu imakondwa ikakumana ndi nambala yaikulu, n'kugwa ikakumana ndi yaing'ono. Chitani izi: itengeni kaye ngati Number, poti Integer ndi Long onse ndi ana a Number, kenako muitane longValue. Musanatero, onetsetsani kuti si null, apo ayi mukumana ndi NullPointerException. Ine ndimakonda kulemba kafankishoni kamodzi kogwira ntchito imeneyi, n'kumakaitana paliponse, kusiyana n'kumwaza mabulaketi m'pulogalamu yonse.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ku Pinetown. Akudandaula kuti manambala a ID a makasitomala ena akumafupika okha.

Amayi, apa ndiye pondiwawa mtima, chifukwa wovutika ndi munthu wosalakwa amene akubwezedwa pa kauntala. ID ya ku South Africa ili ndi manambala 13, ndipo asanu ndi limodzi oyambirira ndi tsiku lobadwa, kuyamba ndi chaka. Wobadwa mu 2003 ID yake imayamba ndi 03. Mukaisandutsa Long, ziro woyambayo amasowa, n'kutsala manambala 12. Mukaikakamiza kulowa mu int kudzera pa intValue, Java imaidula mwakachetechete, osadandaula n'komwe. Math.toIntExact, yomwe idabwera ndi Java 8 mu 2014, bola imakuchenjezani.

Koma ID simuiphatikiza kapena kuichotsera, chimodzimodzi nambala ya foni yoyamba ndi 031. Auzeni okulemberani pulogalamu aisunge ngati String.