Buku la Mwana pa Tchuthi

Sukulu zimatsekera kumapeto kwa chaka. Ana amakhala pakhomo mu Disembala ndi Januwale. Iyi ndi nyengo ya mvula, ya udzudzu ndi malungo. Mwana amaona mng'ono wake ali gone pamphasa. Nthawi zina amaona maliro, monga mmene zinaliri pamene kolera inalowa m'Niassa mu 2022 ndi 2023. Mwana amafunsa. Ife timayankha chiyani?

Tsopano tikudziwa kuwerenga. Tingathe kumuwerengera buku.

Kuyambira mu 2003 sukulu zina m'dziko muno zimaphunzitsa ana m'zilankhulo zathu pamodzi ndi Chipwitikizi. Tifunse aphunzitsi ngati ali ndi timabuku ta Chinyanja, Chiyao kapena Chimakuwa. Ku Mandimba, amene amawoloka malire pa Chiponde angatigulire buku la Chichewa. Ku Ngauma, ngati buku lili limodzi, tibwerekane.

Tiyambe taliwerenga tokha usiku, mwana atagona. Buku lina limati agogo amene anamwalira "anapita paulendo". Limeneli tilisiye. Mwana wa zaka zinayi amakhulupirira mawu monga mmene awamvera. Wa ku Cuamba adzayamba kudikira sitima yochokera ku Nampula, nati agogo atsikamo lero. Tsiku lililonse adzakhumudwa. Lina limati wakufayo "wagona", ndipo mwana amayamba kuopa tulo. Tisankhe buku lonena poyera kuti munthuyo wamwalira, sadzabweranso, koma tidzamkumbukira.

Tionenso chimene bukulo likunena za matenda. Linene kuti malungo amabwera ndi udzudzu, kolera ndi madzi oipa. Lionetse mayi akuthamangira ndi mwana kuchipatala. Lisaloze chala mfiti. Ana ambiri amaganiza mumtima kuti mayi anadwala chifukwa iwo anachita mwano. Buku labwino limachotsa maganizo amenewa.

Buku likasowa, nthano ilipo. Tonse tikuidziwa ya bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kufika msanga ndi uthenga wa imfa. Mwana wa Kalasi 3 angailembe m'kope, n'kujambula zithunzi, n'kuwerengera ang'ono ake.

Powerenga timukhazike mwana pamwendo. Akalira, tiime. Akafunsa funso lomwelo mawa, tiyankhenso.

Tikambirane: Kodi kwathu kuno timawauza chiyani ana pakachitika maliro?

Tilembe mawu awa: buku, tchuthi, malungo, maliro, kukumbukira.