Gasi wa ku Cabo Delgado ndi nkhani ya ntchito: mafunso ndi mayankho

Kabuku aka talemba chifukwa cha funso limodzi lomwe silikutha pamisonkhano yathu ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Lago: gasi uja adapezeka kunyanja ya mchere, ntchito zake tingazipeze bwanji? Ena amafunsa modekha, ena mokwiya, ndipo ena amabwera atabedwa kale. Ife ndife kagulu kolangiza achinyamata pa za ntchito ndi malonda. Si ife kampani ya gasi, si ife boma, ndipo sitilemba munthu ntchito. Mafunsowa tawasiya momwe eni ake adawafunsira, n'chifukwa chake ena akufanana.

1. Gasiyu ali kuti, nanga adamupeza ndani?

Ali pansi pa nyanja ya mchere, m'dera lotchedwa Rovuma, kufupi ndi malire a Mozambique ndi Tanzania. Kampani ya Anadarko ya ku America ndiyo idayamba kumupeza mu 2010, kenako Eni ya ku Italy mu 2011. Boma lili ndi gawo kudzera mu kampani yake ya ENH: magawo 15 pa 100 ku chigawo cha derali chotchedwa Area 1 ndi magawo 10 pa 100 ku chigawo chotchedwa Area 4. Loyang'anira zonse ndi bungwe la INP.

2. Kodi wayamba kugulitsidwa?

Inde. Fakitale yoyandama ya Coral Sul idatumiza gasi woyamba kunja mu November 2022. Imamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro kuti asanduke madzi n'kuchepa pafupifupi ka 600, ndipo imatha kutulutsa matani 3.4 miliyoni pachaka. Yense amagula ndi kampani ya BP, pa mgwirizano wa zaka 20. Ntchito ya TotalEnergies yomanga fakitale yapamtunda ku Afungi idaima mu April 2021, zigawenga zitaukira tauni ya Palma pa 24 March chaka chomwecho.

3. Malasha a ku Moatize adalemba anthu ambiri. Bwanji gasiyu sakutero?

Apa ndi pomwe ambiri timasokonezeka. Ku Moatize malasha amakumbidwa poyera. Pamafunika oyendetsa zimagalimoto, amakaniko, alonda, ndi ogwira ntchito panjanji ija yodutsa m'Malawi popita ku Nacala. Ukaima patali umaona fumbi ndi anthu ali pikitipikiti.

Zitsime zisanu ndi chimodzi za Coral Sul zili pomwe madzi ndi akuya pafupifupi mamita 2,000. Anzathu a ku Metangula ndi Cóbuè, nyanja yanuyo pomwe idazamitsitsa ndi mamita pafupifupi 700, ndiye muisanjikize katatu. Pansi pamenepo pali mdima wandiweyani, madzi ndi ozizira zedi, ndipo amapanikiza pafupifupi ka 200 kuposa mpweya tikupumawu. Palibe katswiri wosambira angatsikeko kukagwira ntchito.

Pakamwa pa chitsime chilichonse amaikapo chimakina chachitsulo cha mavavu ambiri chomwe eni ntchito amachitcha Christmas tree, ndipo ndicho chimatsegula ndi kutseka gasi. Kuchokera apo pali mapaipi ofewa okwezera gasi kusitima ya Coral Sul, fakitale yoyandama ija, komanso chingwe chachikulu chotchedwa umbilical. Dzinali ndi la chingwe cha mchombo: monga mwana amadyera pamchombo ali m'mimba, chitsime nacho chimalandira magetsi, malangizo ndi mankhwala kudzera m'chingwechi. Mankhwalawo ndi oletsa gasi kuundana ndi madzi n'kutseka paipi. Pakafunika kumanga kapena kumasula kanthu, amatsitsa loboti yotchedwa ROV, ya makamera ndi manja achitsulo, woiyendetsa ali phee pampando m'sitima, maso pa sikirini.

Sitimayo ndi yaitali mamita 432, kuposa mabwalo anayi a mpira, koma malo ake ogona ndi a anthu pafupifupi 350 okha. Masukulu ambiri a pulayimale kwathu kuno ali ndi ana oposa pamenepo.

4. Nanga zipangizo zimenezi sizikadapangidwa konkuno kuti anthu apeze ntchito?

Sitima ya Coral Sul idamangidwa ku Geoje, ku South Korea, ndi Samsung Heavy Industries mogwirizana ndi Technip ya ku France ndi JGC ya ku Japan. Idanyamuka kumeneko mu November 2021 n'kufika m'madzi a Mozambique mu January 2022 ili yothaitha. Zida za pakamwa pa zitsime idapereka ndi GE Oil & Gas, yomwe tsopano ili mu Baker Hughes. Zingwe za umbilical zidachokera ku Aker Solutions ya ku Norway, ndipo zitsimezo idaboola ndi Saipem ya ku Italy.

Wofunsa funsoli amamva ngati tidamanidwa dala, ndipo kudandaula kwake n'komveka. Komabe makampani odziwa kupanga zida zotere ndi owerengeka padziko lonse. Chitsulo chomwe chikakhale zaka zambiri pansi pa nyanja, pomwe kukachikonza kumafuna sitima yapadera ya mtengo woopsa, palibe angachipereke kwa wophunzira kumene. A ku Norway nawonso sadabadwe nalo lusoli. Adapeza mafuta ku Ekofisk mu 1969, adakhazikitsa kampani yaboma ya Statoil mu 1972, ndipo boma lawo lidakakamiza makampani akunja kuphunzitsa anthu a m'dzikomo ndi kugula katundu komweko. Zidawatengera zaka zambirimbiri. Ife tikuona kuti chofunika kuchimenyera ndi chimenechi: maphunziro a luso, ndi kuti ntchito zosamalira ndi kukonza zida zizipatsidwa kwa eni dziko. Kulira kuti fakitale ya ROV ibwere mawa n'kutaya mawu.

5. Ndiye ntchito zomwe mwana wakuno angapeze ndi ziti?

Zilipo, ndipo a ku Mozambique ena akugwira ntchito pasitimapo atachita maphunziro a uinjiniya kapena a luso la zamagetsi ndi makina. Koma zambiri zili pamtunda, m'makampani omwe amatumikira makampani akuluakuluwo: padoko la Pemba, m'nyumba zosungira katundu, kuwotcherera, kuyendetsa magalimoto ndi makina onyamulira, kuphika, kuchapa, ulonda. Nthawi yomanga fakitale yapamtunda pamafunika anthu masauzande, koma kumanga kukatha ambiri amabwerera kwawo. Chipwitikizi n'chofunika, ndipo kunyanjako amafunanso Chingelezi. Dziwaninso kuti pa ntchito zosafuna maphunziro makampani amayamba aganizira anthu a ku Palma ndi midzi yozungulira, omwe ena mwa iwo adasamutsidwa m'minda mwawo kupita ku Quitunda.

6. Wina wanditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndilipire kuti andisungire vaga (malo a ntchito). N'zoona?

Musatumize. Malinga ndi zomwe tikudziwa, makampani a gasi ndi omwe amawalembera anthu salipiritsa munthu wofuna ntchito, kaya ndi ya fomu, ya kuchipatala kapena ya yunifolomu.

Mnyamata wina adabwera kwa ife ndi kalata yomuitana kuntchito, tidaigwira m'manja. Pamwamba padali chizindikiro cha kampani chowala bwino, pansi chidindo, koma dzina lake lidalembedwa ndi bolopeni pampata wosiyidwa dala, kusonyeza kuti pepala lomwelo lidapita kwa anthu ambiri. Nambala yotumizirako ndalama idali ya foni ya munthu wamba. Poyamba adamuuza za ndalama ya vaga. Patapita sabata, ya kukayezedwa m'thupi. Kenako ya nsapato ndi chipewa. Iye adagulitsa njinga yamoto yomwe ankachitira kabaza, poganiza kuti malipiro a mwezi woyamba agula ina. Tsiku loti akakwere basi, nambala ija siinkapezekanso. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno: njinga ija inkamudyetsa tsiku ndi tsiku.

Akathyaliwa amafanana machitidwe. Amakufulumizitsani kuti malo atsala awiri, amakuuzani kuti musauze munthu, ntchito amakupatsani osakufunsani mafunso, ndipo malipiro omwe amatchula ndi ozunguza mutu. Ntchito zenizeni zimalengezedwa poyera, m'manyuzipepala, pamasamba a intaneti a makampaniwo kapena ku maofesi aboma oona za ntchito.

7. Akuti ndikakhala ndi satifiketi ya BOSIET ntchito ndapeza. Ndilipire maphunzirowo?

BOSIET ndi maphunziro enieni, a masiku ochepa, ophunzitsa kudzipulumutsa panyanja: kuzimitsa moto, kukwera bwato lopulumukira, ndi kutuluka mu helikopita itagwera m'madzi. Amakuikani m'chibokosi chonga helikopita, atakumangani lamba, n'kuchimiza mozondotsa m'dziwe losambirira, inu mumasule lamba, mukankhe windo, mutuluke. Aliyense wopita kusitima amayenera kukhala nayo, pakuti ulendowo ndi wa pa helikopita.

Koma si luso la ntchito, ndi chiphaso chongokulolezani kukwera. Imatha pakapita zaka zinayi, mtengo wake ukhoza kukhala wokwera kwambiri kwa munthu wamba, ndipo kawirikawiri amalipira ndi kampani ikamulemba kale munthuyo. Ngati mwatsimikiza kulipira nokha, yambani mwafufuza ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi bungwe la OPITO. Ife tikadalangiza kuti ndalama imeneyo ipite kaye ku luso lenileni monga kuwotcherera kapena zamagetsi, lomwe lingakudyetseni ngakhale ku Ulónguè.

8. Ndife alimi a kachewere ndi kabichi. Tingagulitse kwa makampaniwa?

N'zotheka, koma si kungodzaza lole n'kunyamuka. Ogula chakudya ndi makampani ophikira antchito, ndipo amafuna bizinesi kapena kopaletivi yolembetsedwa, ya NUIT, alvará, akaunti ya kubanki ndi umboni woti mukulipira ku INSS. Amafuna katundu wofanana sabata iliyonse chaka chonse, osati nyengo yokolola yokha. Lamulo la za mafuta la 2014 limati katundu wa m'dziko aziyamba kuganiziridwa ngati ali wabwino mofanana ndi wakunja ndipo mtengo wake sudakwere kwambiri, koma lamulo silikulipirirani thiransipoti ya ulendo wautali wopita ku Pemba.

Malipiro akhoza kuchedwa mwezi kapena kuposerapo. Ntchito ya ku Afungi itaima mu 2021, amalonda ambiri omwe adatenga ngongole pogula magalimoto ndi kumanga nyumba za alendo adatsala ndi ngongolezo. Musakongole musadasainirane mgwirizano, ndipo ngakhale mutasainirana, werengani zomwe ukunena ntchito ikaima mwadzidzidzi.

9. Kodi gasi wophikira atsika mtengo?

Sitingalonjeze. Gasi wa m'mabotolo ndi wa mtundu wina, wotchedwa LPG, pomwe wa ku Rovuma ndi methane yemwe akupita kunja pa sitima.

10. Ndalama zake zikupita kuti?

Boma limalandira msonkho ndi gawo la phindu. Zaka zoyambirira ndalamazi zimakhala zocheperapo chifukwa makampani amayamba abweza zomwe adawononga pomanga. Lamulo lokhazikitsa thumba la Fundo Soberano, lomwe aphungu adavomereza mu December 2023, limati pa zaka 15 zoyamba magawo 40 pa 100 azisungidwa ndipo 60 azilowa mu bajeti.

11. Bwanji ndingopita ku Pemba kapena ku Palma ndikaime pageti?

Sitikulangiza. Pageti salemberapo anthu, ndipo malo ogona ndi chakudya zikhoza kukuthetsani ndalama musadaone ngakhale kapitawo. Chachikulu ndi chitetezo. Nkhondo ya zigawenga idayamba ku Mocímboa da Praia mu October 2017. Asilikali a ku Rwanda adafika mu 2021 ndipo madera ena adakhalako bata, koma zinthu zimatha kusintha msanga. Mlendo wosadziwa Chimakonde, Chimwani kapena Chiswahili, wopanda pepala lomuitana, akhoza kukayikiridwa pamalodibuloko. Pitani pokhapokha muli ndi kalata yomwe mwaitsimikiza poimbira ofesi ya kampaniyo pa nambala yomwe mwaipeza nokha, osati yolembedwa pakalatapo.

12. Koma wandiuzayo ndi m'bale wanga, ndipo amagwiradi ntchito ku Pemba. Ameneyunso ndimukayikire?

Funsoli timalilandira kwambiri, ndipo yankho ndi lomwe lija. M'bale wanu akhoza kukuuzani kuti kwatuluka malo, akhoza kukuthandizani kulemba CV, zonsezo n'zabwino. Akangotchula ndalama ya bwana, imani. Mwina nayenso wapusitsidwa, pakuti akathyali amakonda kudzera mwa munthu wokhulupirika pamudzi. Ngati bwanayo alipodi, chimenecho ndi chiphuphu, ndipo chikaululika mukhoza kuchotsedwa ntchito nonse awiri. Afunseni mwaulemu achimwene anuwo kuti akuonetseni pomwe ntchitoyo idalengezedwa.

13. Nanga akati ndalamayo ndi yobweza ndikayamba ntchito?

N'chimodzimodzi. Musatumize.

14. Ine ndidatumiza kale. Nditani?

Musatumizenso ina, ngakhale atakuuzani kuti yatsala yomaliza kapena kuti mukasiya yoyamba ija ipita. Musafufute mauthenga. Sungani nambala, malisiti a pafoni ndi kalatayo, mupite nazo kupolisi, ndipo mudziwitse kampani ya foni yomwe mudatumizira ndalamayo. Sitinganene kuti ndalama ibwerera, nthawi zambiri n'zovuta. Ngati mudawatumizira chithunzi cha BI (chitupa) yanu, auzeninso apolisi, chifukwa akhoza kulembetsera nambala ina m'dzina lanu n'kuberanso anthu ena. Manyazi tikuwadziwa, koma auzeni amfumu kapena akuluampingo kuti alengeze, osatchula dzina lanu, pakuti kalata yomweyo ili kale m'mafoni a anzanu.