PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MALIRO OMVEKA NDI MALIRO OSAMVEKA

Tonse tidziwa kuti maliro salingana kumveka kwace. Ikamwalira mfumu, mthenga athamanga usiku womwewo, mbiri ifika kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu asiya makasu m'minda masiku angapo. Koma akamwalira mlendo wosauka amene anadza kudzafuna ganyu, amuika anthu owerengeka, ndipo pofika masika palibe wodziwa pamene pali manda ace. Cimene cicitika m'mudzi cicitikanso m'dziko lonse lapansi. Mwezi uno tiphunzira cinthu ici poyang'ana sitima za pamadzi zimene zinamira, kuti tione cifukwa cace tsoka lina limveka zaka zana, pamene lina loposa pamenepo liiwalika msanga. Ndiponso kuti tidziwe cimene Mulungu afuna kwa ife pa nkhani imeneyi.

I. SITIMA IMENE DZIKO LONSE LIIDZIWA

Pa 10 April 1912 sitima yaikuru, dzina lace Titanic, inanyamuka pa doko la Southampton ku England kunka ku New York. Unali ulendo wace woyamba, ndipo masiku amenewo panalibe sitima ina yoiposa kukula. Kumpoto kwa nyanja ya Atlantic kuzizira kwambiri, kotero kuti zibenthu za madzi ouma, zazikuru ngati phiri, ziyandama pamadzi. Usiku wa pa 14 April Titanic inagunda cibenthu cotere, ndipo asanakwane maora 3 inamira. Munali anthu oposa 2,200, koma mabwato opulumukira anali 20 okha, okwanira monga theka la anthuwo. Anafa anthu monga 1,500. Otsala, monga 700, anatoledwa ndi sitima ina, dzina lace Carpathia.

Kuyambira tsiku limenelo mbiri yace siinaleka. Akuru a boma la America ndi la Britain anakhala pa bwalo kufunsa mlanduwo. Analemba mabuku ambirimbiri. M'caka ca 1985 anthu anaipeza pansi pa nyanja, pakuya monga mamita 3,800. M'caka ca 1997 anapanga kanema wace amene anaonetsedwa m'maiko onse. Ndipo m'caka ca 2012 anatsegula nyumba yaikuru ya cikumbutso ku Belfast, kumene sitimayo inapangidwa. Ngakhale kuno kwathu, ambiri amene sanaone nyanja ya mcere alidziwa dzina limeneli.

II. SITIMA ZIMENE ZIIWALIKA

Tsono tiwerenge maina ena, ndipo yense adzifunse yekha ngati anawamva kale.

Empress of Ireland inamira pa 29 May 1914 m'mtsinje wa St Lawrence ku Canada, itagundidwa ndi sitima ya malasha m'nkhungu. Anafa anthu 1,012, ndipo mwa iwo munali Akristu ambiri a Salvation Army amene anali pa ulendo wa ku msonkhano ku London.

Mendi inamira pa 21 February 1917 kufupi ndi gombe la England, itagundidwa ndi sitima yochedwa Darro. Anafa anthu oposa 600, ndipo pafupifupi onse anali amuna akuda a ku South Africa amene analikunka ku France kukagwira nchito ya manja pa nkhondo.

Wilhelm Gustloff inamira pa 30 January 1945 m'nyanja ya Baltic, itaomberedwa ndi sitima ya nkhondo ya a Soviet Union yoyenda pansi pa madzi. Inadzala ndi Ajeremani othawa nkhondo, akazi ndi ana ambiri. Anafa anthu monga 9,000, ndiko kuti kasanu ndi kamodzi kuposa a m'Titanic.

Vipya inamira pa nyanja yathu yomwe ino pa 30 July 1946, m'nyengo ya mwera, kufupi ndi Florence Bay, kumene lero ticha Chitimba. Inali itangoyamba nchito caka comweco. Anafa anthu 145.

Doña Paz inamira pa 20 December 1987 ku zisumbu za Philippines, itagundana ndi sitima yonyamula petulo, ndipo moto unayaka pamadzi pomwe. Ambiri analikunka ku Manila kukadya Khirisimasi. Anafa anthu oposa 4,000, napulumuka osakwana 30.

Le Joola, sitima ya dziko la Senegal, inagubuduka pa 26 September 2002 pa ulendo wocokera ku Ziguinchor kunka ku Dakar. Inapangidwira anthu osakwana 600, koma inanyamula pafupifupi 2,000. Boma linawerenga akufa 1,863. Opulumuka anali 64.

Taonani, zitatu mwa sitima izi zinapha anthu ambiri koposa Titanic, ndipo imodzi ndi ya kwathu komwe kuno. Koma maina ao sadziwika. Cifukwa cace nciani?

III. ZIFUKWA ZISANU

Coyamba: dziko liyang'ana amene anafa, osati kucuruka kwao. M'Titanic munali anthu olemera ndi ochuka, monga John Jacob Astor, mmodzi wa eni cuma akuru a ku America, amene anafera momwemo. Ngakhale m'kati mwa sitimayo munali kusiyana: mwa okhala m'zipinda za pamwamba, olipira ndarama zambiri, anapulumuka monga 6 pa 10 ali onse, mwa osauka a m'zipinda za pansi anapulumuka mmodzi yekha pa 4 ali onse. Koma maina odzaza nyuzipepala anali a olemera aja.

Caciwiri: mwini colembera ndiye asankha cimene cidzakumbukika. Titanic inamira pakati pa England ndi America, kumene kunali nyuzipepala zazikuru. Mbiri yace inathamanga pa wailesi usiku womwewo, ndipo opulumuka 700 pofika ku New York anapeza olemba nyuzipepala alikuwadikira pa doko. Koma pa Doña Paz mboni zinatsala zowerengeka, ndipo m'buku la sitimayo munalembedwa maina osakwana 1,600. Zikwi zinazo zinakwera osalembedwa, zinafanso osalembedwa. Munthu wopanda dzina m'buku, ndani adzamuimikira mwala?

Cacitatu: khutu la munthu likonda nkhani yokoma kuikamba. Titanic inamira pang'onopang'ono. Anthu anapeza nthawi yakutsazikana, oyimba anapitiriza kuyimba, ndipo anthu anali atadzitama kuti sitima yotere siingamire. Zonsezi zipanga nthano imene munthu afuna kuimvanso. Empress of Ireland inamira m'mphindi 14 zokha, usiku, anthu ali m'tulo. Imfa yao inawawa cimodzimodzi, koma siinasiya nthano.

Cacinai: tsoka lalikuru likwirira linzace. Titanic inamira m'masiku a mtendere, ndipo dziko linali ndi mpata wakulira. Itamira Empress of Ireland panangopita miyezi 2, ndipo nkhondo yaikuru inabuka ku Ulaya. Mendi ndi Wilhelm Gustloff zinamira m'kati mwa nkhondo, pamene zikwi zinalikufa tsiku ndi tsiku ndipo mitima ya anthu inali itatopa ndi maliro.

Cacisanu: pamene pali manyazi, anthu akonda kukhala cete. Sitima ya Darro siinatsitsa mabwato ace kukathandiza amuna a m'Mendi alikumira m'madzi ozizira. Ndipo itatha nkhondo, boma la South Africa la masiku amenewo silinalola kuti anchito ace akuda alandire mendulo ya nkhondo. Ajeremani, pokhala ndi mlandu wa nkhondo ya Hitler, anacita manyazi zaka zambiri kulira akufa ao poyera, ndipo adani ao sanaone cifukwa cakuwalirira. Le Joola inali sitima ya boma, yoyendetsedwa ndi asilikari. Wokumbutsa tsoka lotere akumbutsanso mlandu, ndipo mwini mlandu sakonda wokumbutsa.

Mwa zifukwa zisanu izi palibe cimodzi cimene cionetsa kuti moyo wa munthu wina uposa wa mnzace. Zonse zicokera m'kufoka ndi m'tsankho la anthu.

IV. CIMENE MAU A MULUNGU ATIPHUNZITSA

Tiwerenge Luka 13, ndime 1 kufikira 5. Anthu ena anadza kwa Ambuye Yesu ndi mbiri imene inali m'kamwa mwa onse, ya Agalileya amene Pilato anawapha alikupereka nsembe. Mbiri imeneyo inamveka pakuti munali dzina la kazembe ndi mkwiyo wa mtundu wonse. Koma Ambuye poyankha anachula yekha tsoka lina limene iwo sanalichula, la anthu 18 amene nsanja inawagwera ku Siloamu. Palibe buku lina la masiku amenewo limene linasunga mbiri ya anthu 18 aja. Tiwadziwa lero cifukwa Ambuye anawakumbukira, nadziwa ndi ciwerengero cao comwe.

Ndipo pa masoka onse awiri anapereka ciphunzitso cimodzi. Anakana maganizo akuti ofa motero anacimwa koposa anzao, nauza omverawo kuti asiye kuweruza akufa, ayang'ane mitima yao ndi kulapa. Ici citicenjeza ife. Tisanene m'mtima kuti oiwalika anayenera kuiwalika, kapena kuti Mulungu anawataya. Tisamvenso mbiri ya tsoka monga timva nthano ya madzulo pamoto. Imfa ya mnzathu itiitana ife tikonzeke. Makolo athu anati, caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

M'mutu 12 wa Luka yemweyo Ambuye achula mpheta, timbalame togulidwa ndi kandarama kocepetsetsa pa msika, natiuza kuti ngakhale ito tiri m'cikumbukiro ca Mulungu. Ngati asunga ciwerengero ca mpheta, kodi adzataya mwana amene anakwera Doña Paz wosalembedwa m'buku? Iai. Ndipo pa Cibvumbulutso 20 Yohane aona tsiku lomariza, pamene nyanja idzabweza onse amene inawameza, ndipo wochuka ndi wosachuka adzaima pa bwalo limodzi. Pamenepo sipadzakhala cipinda ca pamwamba ndi ca pansi. Mwini cuma wa m'Titanic ndi mai wosauka wa m'Vipya adzaitanidwa yense ndi dzina lace.

V. NANGA IFE TICITE CIANI?

Sitinena kuti kukumbukira Titanic nkoipa. Amene anafa m'menemo anali anthu, ndipo anayenera misozi. Colakwa ndi ici, cakuti misozi yathu itsata mbiri m'malo motsata munthu. Cifukwa cace tipempha mipingo yonse isamalire zinthu zitatu izi.

Coyamba, tikumbukire kuti tipulumutse amoyo. Popeza dziko silinaiwala Titanic, maiko anasonkhana ku London, ndipo m'caka ca 1914 analemba pangano la kusunga moyo pa nyanja, lakuti sitima zazikuru zikhale ndi mabwato okwanira anthu onse, ndi kuti pa wailesi pakhale womvera usana ndi usiku. Kukumbukira kumeneko kwapulumutsa ambiri. Koma Doña Paz inanyamula anthu kopitirira muyeso, dziko silinasamala, ndipo patapita zaka 15 Le Joola inacita comweco. Tsoka loiwalika libwera kawiri. Potero tikaona bwato pa doko kapena lole pa mseu alikulongedza anthu kopitirira muyeso, Mkristu asakhale cete, ndipo asakweze ana ace m'menemo cifukwa ca kufulumira.

Caciwiri, tilembe maina. Ife amene tinalandira mwai wakudziwa kulemba tiri ndi mangawa kwa anzathu. Mpingo uli wonse ukhale ndi buku lace, ndipo likagwa tsoka m'dera lathu, la madzi osefuka, la njala kapena la pa mseu, mlembi alembe maina a akufa onse, a mumpingo ndi akunja omwe, ndi tsiku lace, ndi cimene cinacititsa. Okalamba amene akumbukira masoka akale tiwafunse akali moyo. Tisapepule nchito iyi. Mbiri ya Mendi anaisunga abale a akufawo ndi anthu a mtundu wao, poikamba pakamwa ndi posonkhana caka ndi caka, pamene boma linali cete. Ndipo litasintha boma m'caka ca 1994, South Africa inacha sitima yace ya nkhondo dzina la Mendi, niikanso dzina lomwelo pa mendulo ya anthu olimba mtima. Cimene anthu ang'ono anasunga mokhulupirika cinamveka pa nthawi yace.

Cacitatu, tipite ku maliro osamveka. Ku maliro a mfumu sikusowa anthu. Koma a mlendo, a wamasiye wopanda ana, a munthu wa mtundu wina, kumeneko ndiko kufunika akuru a mpingo ndi amai onyamula ufa ndi nkhuni. Ndipo atabalalika anthu, mwezi utapita, pamene mudzi wayamba kukamba zina, tibwererenso ku nyumba ija. Maliro nkulirana, ndipo wolira yekha ndiye ayenera kufikiridwa coyamba.

MAFUNSO A PA MSONKHANO WA PAKATI PA SABATA

1. Chulani zifukwa zisanu zimene tsoka lina limveka ndi lina liiwalika.
2. Ndani anakumbutsa za anthu 18 a ku Siloamu, ndipo anaphunzitsa ciani pa imfa yao?
3. Kodi kukumbukira Titanic kunapindulitsa ciani kwa oyenda pa nyanja?
4. M'mudzi mwathu, ndi tsoka liti limene layamba kuiwalika, ndipo ndani angatiuze maina a amene anafa?
5. Ndi nyumba iti yolira imene sitinaiceza, ndipo tidzapitako tsiku liti?

Potseka msonkhano, wotsogolera achule m'pemphero maina amene atuluka pa funso lacinai ndi lacisanu, mmodzi mmodzi, napemphere otonthoza mtima wa abale ao. Mtendere wa Ambuye ukhale ndi inu nonse.