Phunziro la Zitsulo: N'chifukwa Chiyani Mpeni Wina Umabenthuka, Wina N'kumangopindika?

Pakhomo lililonse pamakhala chodulira. Pali mpeni wodulira ndiwo, chikwanje chosadzira mitengo, nkhwangwa yowazira nkhuni, ndiponso tupa lonolera zonsezi. Zonse ndi zachitsulo, koma kutha kwake n'kosiyana. Chikwanje chikagunda mwala, mbali yakuthwa imapindika kapena kubuntha. Munthu amanolanso, ntchito n'kupitirira. Tupa likagwa pa simenti limatha kuthyoka pawiri, chonsecho tupa lomwelo ndi limene limadya chikwanje. Zimatheka bwanji kuti chitsulo chodya chinzake chithyoke msanga chotero?

Kuuma ndi kupirira

Chitsulo cha mpeni chili ndi makhalidwe awiri amene sagwirizana. Khalidwe loyamba ndi kuuma. Chitsulo chouma sichikandika msanga ndipo sichiperepeseka msanga. Mpeni wa chitsulo chotere umakhalitsa uli wakuthwa. Khalidwe lachiwiri ndi kupirira. Chitsulo chopirira mukhoza kuchimenyetsa, kuchipotoza kapena kuchitsendereza osang'aluka. Chikalemedwa kwambiri chimapindika m'malo mothyoka.

Taganizirani mphika wadothi wootcha bwino ndi sefuliya. Mphika wadothi simungaukande ndi chikhadabo, simungaupinde, koma ukagwa kuchokera pamutu waphwanyika, basi. Sefuliya ikagwa imangopindika. Mumaiwongola ndi mwala n'kuphikiramo tsiku lomwelo. Mphika uja ndi wouma, sefuliya ndi yopirira.

Pa chitsulo chimodzi chomwecho, mukawonjezera kuuma, kupirira kumachepa. Mukawonjezera kupirira, kuuma kumachepa. Mmisiri wosula sangatenge zonse ziwiri mpaka pamapeto. Amayenera kusankha poima, ndipo amasankha akuyang'ana ntchito imene mpeniwo ukagwire.

Zimene zimachitika pamoto

M'chitsulo cha mpeni muli kaboni, chinthu chomwe chija chimene chimapanga makala. Kaboniyo ndi wochepa. Pa makilogalamu 100 a chitsulo cha mipeni, kaboni amakhala kuyambira theka la kilogalamu kufika kilogalamu imodzi, nthawi zina kupitirirako. Ndi wochepa choncho, koma ndiye mwini nkhani. Chitsulo cha misomali, malata ndi mafelemu a mawindo chili ndi kaboni wochepetsetsa. Muchiotche, muchiviike m'madzi, sichiuma mokwanira kukhala mpeni wabwino. N'chifukwa chake amisiri osula amasakasaka masipuling'i akutha a galimoto ndi matupa akale. Masipuling'i ambiri ali ndi kaboni wokwana pafupifupi magalamu 600 pa makilogalamu 100, ndipo anapangidwa kuti azipindika tsiku lonse pamsewu wamabampu osathyoka.

Mmisiri akatha kusula mpeni ndi nyundo, mpeniwo umakhala usanaume. Amaubwezera pamakala n'kupopa mvukuto mpaka chitsulo chifiire. Amisiri ambiri amayesa ndi maginito. Chitsulo chikatentha kufika madigiri pafupifupi 770, maginito sachigwiranso. Apo mmisiri amadziwa kuti watsala pang'ono. Amawonjezera moto pang'ono kuti afike pa madigiri 800 kapena kuposerapo pang'ono. Pa kutentha kumeneku kaboni uja amasungunukira m'chitsulo n'kumwazika paliponse.

Tsopano mmisiri amachotsa mpeni pamoto n'kuuviika msanga m'madzi kapena mu oyilo. Chitsulo chimazizira mwadzidzidzi, kaboni asanapeze mpata wobwerera kumene anali. Amatsekeredwa m'kati, ndipo tizigawo ta chitsulo timapanikizana kwambiri moti sitingasunthe. Kupanikizana kumeneko ndiko kuuma. Mukasiya chitsulo chomwecho kuti chizizire pang'onopang'ono m'phulusa, kaboni amapeza nthawi yosuntha ndipo chitsulo chimatuluka chofewa.

Madzi amaziziritsa msanga kuposa oyilo. Amaumitsa kwambiri, komanso amang'alula. Mmisiri akamva kaphokoso koti the! mpeni uli m'madzi, amadziwa kuti ntchito ya tsikulo yapita pachabe. Chitsulo cha sipuling'i chimafuna oyilo.

Mpeni wongotuluka m'madzi kapena mu oyilo sunathe. Wauma mopitirira. Tupa limangoterereka pamwamba pake osadya, ndipo ukagwa pansi ukhoza kusweka. Apa pamabwera ntchito imene imasiyanitsa mmisiri weniweni ndi wongoyerekeza. Amapala chitsulo kuti chiwale, kenaka amachitenthetsanso pang'onopang'ono pa moto wochepa. Moto wachiwiriwu umamasula pang'ono kupanikizana kuja. Kuuma kumatsika pang'ono, kupirira kumakwera.

Mmisiri wopanda choyezera kutentha amawerenga mitundu imene imaoneka pa chitsulo chowala. Poyamba pamabwera chikasu chotuwa, pa madigiri 200 ndi kupitirirako pang'ono. Kenaka pamabwera mtundu wa khofi, kenaka wofiirira moderako, kenaka wabuluu pa madigiri pafupifupi 300. Akaima pa chikasu, mpeni umakhala wouma, woyenera kusendera ndi kudulira nyama. Akadikira mpaka mtundu uderepo, amapeza chitsulo choyenera nkhwangwa ndi chikwanje. Akafika pa buluu, chitsulo chimakhala chopindika n'kubwerera, koma sichisunga kuthwa nthawi yaitali. Mitundu imeneyi imathamanga, makamaka kunsonga kumene chitsulo n'chopyapyala. Kungocheuka kuyankha moni, mtundu wadutsa.

Pali ngozi inanso pa moto woyamba uja. Chitsulo chikatenthetsedwa mopitirira, mpaka kuyera kapena kuthetheka, timibulu ta m'kati mwake timakula. Mpeni wotero umathyoka msanga ngakhale mmisiri atachita bwino zina zonse. Mukadzaona mpeni wothyoka, yang'anani pamene wathyokerapo. Pakakhala posalala ndi potuwa, moto unali wabwino. Pakaoneka timibulu tikulutikulu tonyezimira, mmisiri anapsereza.

Nambala ya kuuma

Kufakitale sayesa kuuma ndi maso. Amagwiritsa ntchito makina a Rockwell, amene Hugh Rockwell ndi Stanley Rockwell a ku America anawalembetsa ku boma mu 1919. Makinawa amakanikiza kansonga ka dayamondi pa chitsulo ndi mphamvu ya makilogalamu 150, n'kuyeza kuzama kwa kadzenje kamene kapangika. Kadzenje kakakhala kosaya, chitsulo n'chouma ndipo nambala imakwera. Pa mipeni ina nambalayi imalembedwa pamodzi ndi zilembo HRC.

Zikwanje zambiri zili pa 50 kapena kupitirirako pang'ono. Mipeni yakukhitchini ya ku Ulaya imakhala pakati pa 55 ndi 58. Ya ku Japan imafika 60 mpaka 65, ndipo tupa limapitirira 60. Kuchokera pa 52 kufika pa 62 zikuoneka ngati pafupi, koma m'manja mumamva kusiyana. Mpeni wa ku Japan wa 62 umadula nsomba tizidutswa topyapyala tsiku lonse osabuntha. Ukagunda fupa la ng'ombe, umabenthuka.

Ogulitsa amakonda kutchula nambala yaikulu ngati kuti ikakwera ndiye kuti mpeni ndi wabwino. Si choncho. Chikwanje chimene chimabuntha masana aliwonse sichinakubereni ndalama. Anachipanga dala chofewerako kuti chikagunda mwala m'munda chipindike, inu muchinole ndi tupa pansi pa mtengo. Chikanakhala chouma ngati tupa, chikanabenthuka, ndipo kachidutswa kake kakanatha kukulowani m'diso. Chobuntha chimanoleka, koma chothyoka chimangotayidwa.

Nzeru ya kuumitsa mbali imodzi

Amisiri a mayiko osiyanasiyana anapeza njira yozembera vutoli. Amaumitsa mbali yakuthwa yokha, msana n'kuusiya wofewa. Mbali yakuthwa imadula, msana umalandira kugunda.

Ku Nepal kuli mpeni waukulu wokhota wotchedwa khukuri, umene asilikali a Gurkha anautchukitsa. Anthu akumudzi amadulira nkhuni, nsungwi ndi nyama. Amisiri ambiri amausula kuchokera ku masipuling'i a malole, monga amachitira amisiri athu. Mpeni ukafiira, sauviika wonse. Amathira madzi kuchokera mu ketulo pa mbali yakuthwa yokha. Ku Japan osula malupanga amamata dongo lochindikala kumsana ndi lopyapyala kumbali yakuthwa, kenaka n'kuviika m'madzi. Kumene kuli dongo lambiri kumazizira mochedwa ndipo sikuuma kwambiri. Pakati pa mbali ziwirizi pamatsala mzere wooneka ndi maso.

Ku America kuli bungwe la osula mipeni lotchedwa American Bladesmith Society, limene Bill Moran ndi anzake analiyambitsa mu 1976. Mmisiri wofuna kuvomerezedwa ndi bungweli amabweretsa mpeni umene wasula yekha, ndipo mpeni umodzi womwewo umayesedwa kanayi motsatizana, osaunola pakati. Poyamba amadula chingwe chochindikala inchi imodzi chimene chikungolendewera, kamodzi n'kamodzi. Kenaka amadula thabwa la mainchi 2 kwa 4, kawiri. Akatero, mpeniwo umetebe ubweya wa pamkono, ndipo mbali yakuthwa isaoneke kubenthuka kapena kupindika. Pomaliza amaupana pa chopanira chachitsulo n'kuupinda mpaka ufike madigiri 90. Ukathyoka pawiri, mmisiri walephera.

Mayeso atatu oyamba amafuna kuuma, lomaliza limafuna kupirira. Kuti apambane onse, amisiri ambiri amachita zomwe zija: mbali yakuthwa youma, msana wofewa. Koma tisanamizane. Mpeni umene wapindidwa chotero watha ntchito, ndipo palibe munthu wanzeru amene amapinda mpeni wake dala. Mayesowa amangosonyeza kuti mmisiri amaudziwa moto wake.

Kuchindikala ndi dzimbiri

Moto suli wokha pa nkhaniyi. Kuchindikala kwa mpeni nako kumalamula. Mukachindikalitsa mpeni kawiri, mphamvu yofunika kuti muupinde chammbali imakwera kasanu ndi katatu. Choncho wopanga mpeni woti anthu aziti suthyoka amangowonjezera chitsulo. Mipeni ina yodula imene amaitsatsa kuti ndi ya ntchito zolemetsa imafika mamilimita 6 kumsana. Poitsatsa amaikhomera m'mitengo ndi nyundo, amatsegulira mabokosi, amamenyera njerwa. N'zoona, siithyoka. Koma mupatseni mayi mpeni wotero kuti adulire anyezi kapena chisoso. Umang'amba m'malo modula, ndipo dzanja limatopa. Wagula kupirira n'kutaya ntchito imene mpeni unapangidwira.

N'chimodzimodzi ndi kanoledwe. Mukamagoneka mpeni kwambiri pa mwala ponola, mbali yakuthwa imapyapyala. Imadula bwino koma imachepa mphamvu. Mukamaudzutsako, mbali yakuthwa imakhala ndi chitsulo chambiri kumbuyo kwake ndipo imapirira. Mipeni yakukhitchini imanoledwa pa madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse, pomwe zodulira mitengo zimafuna 25 mpaka 30. Ngati chikwanje chanu chikubenthukabenthuka, musafulumire kunyoza amene anachisula. Yambani mwachidzutsako ponola.

Nanga mipeni yosachita dzimbiri? Chitsulo chake anachipanga Harry Brearley mu mzinda wa Sheffield ku England mu 1913. Amathiramo kromiyamu, makilogalamu pafupifupi 11 kapena kuposerapo pa makilogalamu 100 alionse. N'chabwino kukhitchini ndi kunyanja, kumene mpeni umakhalira kunyowa. Koma kromiyamu ndi kaboni zikachuluka pamodzi zimapanga timibulu touma kwambiri m'kati mwa chitsulo. Timibuluti timachedwetsa kubuntha, komanso ndi pamene mng'alu umayambira, ndipo timavuta kunola pa mwala wamba. N'chifukwa chake zikwanje ndi nkhwangwa zambiri mpaka lero ndi za chitsulo cha kaboni chimene chimachita dzimbiri. Mankhwala a dzimbiri ndi otsika mtengo: kupukuta mukatha ntchito ndi kupaka timafuta.

Zimene zimapha mpeni pakhomo

Ntchito yonse ya mmisiri ikhoza kuonongeka pa mphindi imodzi. Mukapereka mpeni kwa onola ndi galayinda, yang'anitsitsani. Mbali yakuthwa ikasanduka yabuluu, yatentha kufika madigiri 300 kapena kupitirira, ndipo kuuma kwake kwapita. Mpeni wotero umaoneka wakuthwa lero, mawa wabuntha. Wonola wodziwa ntchito amagunditsa pang'onopang'ono n'kumaviika m'madzi pafupipafupi. Mukamatenthetsa nkhwangwa kuti muboolere mpini watsopano, ikani pamoto kumchira kokha, ndipo mbali yakuthwa muikulunge ndi chiguduli chonyowa. Musasonkhezere moto ndi mpeni. Musatsegulire chitini kapena kumasulira sikuluwu ndi nsonga yake, chifukwa mipeni yambiri imathyokera kunsonga, ndipo imathyoka poipotoza, osati poidulira.

Pokagula kapena pokasulitsa, muuzeni mmisiri ntchito yake: kusenda mbuzi, kudula nsungwi, kapena kuwaza nkhuni. Mufunseni kuti chitsulo chake n'cha chiyani, ndiponso ngati anachibwezera pamoto ataviika. Mmisiri wodziwa sakwiya ndi mafunso otere.

Pa phunziro lotsatira, aliyense abwere ndi mpeni kapena chikwanje chakale, chokulunga bwino m'saka, ndipo amene ali ndi tupa abwere nalo. Tidzapala mbali yakuthwa, kenaka kumsana, n'kumva pamene tupa likudya ndi pamene likuterereka. Aliyense adzalemba m'kope mwake dzina la chida chake, ntchito imene chimagwira, ndi mbali imene yapezeka youma.